Manja Amene Anakwezedwa pa Kamwendo

Achimwene, lero mu minibasi wina amaonera pafoni filimu ija ya zilombo zochokera kumwamba, ndipo mtima wanga wawira. Ndakumbuka tsiku la msika lija pa Kamwendo, inu mukumasulira filimuyo m'Chichewa mu shedi yanu ya kanema. Zilombozo zitalanda dziko, zinasankha anthu ena kukhala akapitawo olondera anzawo. Munaimitsa filimu n'kufunsa kuti, "Zitatera kwathu kwa Kapondo mawa, ndani angakane kuzinyamulira chikwama?" Pafupifupi shedi yonse inakweza manja. Wina anakuwa kuti, "Ine ndingazigende ndi legeni!" Inu munangoseka. "Ndakuonani, tsitsani. M'khwapamo mukununkha."

Eni esiteti atabwera ndi mapepala kudzatenga madimba athu, manja omwewo ndi amene anakhoma zikhomo za malire. Wa legeni uja pano ndi mlonda wa pageti pawo. Munakana kusaina inu nokha, anthu n'kusiya kukupatsani moni poopa kuonedwa nanu. Mutadwala sanabwere. Lero poti mwamwalira, omwewo akulemba pano pa tsamba lanu la pa intaneti kuti munali munthu wolimba mtima. Zikundinyansa.

Dimba la amayi likadalipo, achimwene, ngakhale waya walizinga mbali zitatu. Dzulo wa legeni anabweretsanso pepala lija kuti ndisaine, maso ali pansi. Mu shedi muja ine sindinakweze dzanja, chifukwa mantha anga ndinkawadziwa. Ndikuopabe mpaka pano. Koma pepalalo ndakulungiramo mbewu ya mpiru, ndipo mawa ndikukafesa.