Zikhadabo za Goloboyi Wanga

Ine munthu amene amachita zabwino osatchula chimene akufuna sindimukhulupirira. Choncho mwana wanga wamkazi atandiuza kuti timu yawo yapeza mphunzitsi wa magoloboyi, mayi wa ku Denmark amene anasewererapo timu ya dziko lake, ndinafunsa kuti nanga akufunanji pa kabwalo kathu ka matope kuseri kwa mafulati a ku Woolwich. Munthu woti anaonekapo pa TV angadzaphunzitse ana a manesi ulele? Mwanayo anandiyankha m'Chingerezi, monga mwa chizolowezi chake, kuti ndimakayikira ngakhale dalaivala wa basi. Sananame. Koma mwana ndili naye yekhayo, ndipo kuno ku London ndilibe wina wondithandiza kumuyang'anira.

Loweruka lina ndinapita kukadzionera ndekha, ndisanakalowe ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mayiyo anali wamtali, wosalankhulalankhula, zala zake zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa. Mbiri yake ndinaimva kwa makolo anzanga. Akuti anayambira ku timu ya kumudzi kwawo, n'kupita ku timu yaikulu ya mumzinda, kenako ku Sweden, n'kudzathera kuno phewa litamukana. Ku timu ya dziko lake akuti zaka zambiri anangokhala pa benchi, kudikira kuti goloboyi woyamba avulale. Mumtima ndinati, munthu amene wakhala zaka akudikira tsoka la mnzake sangakhale wopanda kanthu.

Ine ndinakulira ku Zomba, ndipo mchimwene wanga anali goloboyi. Ndikudziwa zimene ankakwirira pansi pa golo, ndi chifukwa chimene timu yonse inkalowera m'bwalo podumpha mpanda. Ndiye nditaona mayiyu akuphunzitsa mwana wanga kumenya mapolo onse awiri a golo masewera asanayambe, kulavulira m'magolovesi, ndi kuwasunga m'thawulo lonyowa osawaonetsa dzuwa, ndinangoti zomwe zija, zangosintha khungu.

Koma chimene chinandiimitsa mutu chinachitika tsiku la masewera aakulu. Ndinaona mayiyo akukhazika mwana wanga pa benchi, n'kutulutsa kowengera zikhadabo. Anamuwenga chala chimodzichimodzi, modekha, n'kutola zikhadabo zonse, kuzikulunga m'katishu ndi kuziika m'thumba la jekete yake. Kwathu chikhadabo cha mwana sichigona m'thumba la mlendo. Mayi anga ankazikwirira okha, ndipo inenso, ngakhale ndine wa kwaya, ndimazitaya ndekha m'chimbudzi. Ndinachita mantha enieni.

Masewerawo sindinawaone. Anthu ankakuwa kuti mwana wanga wagwira penate, ine maso ali pa thumba lija. Masewera atangotha ndinapita kukaima pamaso pa mayiyo n'kutambasula dzanja. Ndinamuuza kuti andipatse zimene watenga pa thupi la mwana wanga.

Mwanayo anandikoka malaya. "Amami, please, mukundichititsa manyazi," anatero. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti andilankhule m'chinenero chathu, ndipo ngakhale pamenepo sindinabweze dzanja.

Mayiyo sanakwiye ndipo sanaseke. Anatulutsa katishu kaja n'kundipatsa. Anati bini inali kutali, ndipo kwawo sataya zinyalala pa bwalo. Kenako anandionetsa chala chake chapakati, chopanda chikhadabo. Anati tsiku limene anapatsidwa mwayi wokhala pagolo m'masewera a dziko lake, atadikira zaka zonse zija, mpira unamuzula chikhadabocho potenthetsa thupi, chala n'kuthyoka, ndipo anabwerera pa benchi. Kuyambira pamenepo salola goloboyi wake kuvala magolovesi asanaone zala zake. Ndinamvetsera, koma katishu ndinakafumbatabe. Nkhani yokoma sindiyo umboni.

Ndikuti ndizipita, anati popeza ndabwera ndekha, pali china chimene ankafuna kundipempha. Timu yake yakale ku Denmark inkafuna goloboyi wachitsikana, ndipo iye anali atawauza kale za mwana wanga. Sukulu akapitiriza komweko, ndipo akakhala kwa mchemwali wake wa mayiyo.

Ndinayang'ana mwana wanga, n'kuona pankhope pake kuti ankadziwa kalekale. Miyezi yonseyi ine ndinkalondera malovu ndi mathawulo, iwo akupangana zawo masanasana.

Ndinakana. Ndinafunsa abusa athu ku Peckham, ndinaimbira foni timu ya ku Denmark ija, ndinafufuza mchemwali wakeyo mpaka mtundu wa galu wake. Ndinkafuna kupeza bodza limodzi lokha loti ndigwirepo, koma silinapezeke. Mwanayo sanandikakamize. Ankangonyowetsa magolovesi ake m'sinki madzulo aliwonse, osandiyang'ana, mpaka ndinavomera.

Tsopano mwanayo ali ku Denmark, amaimba foni Lamlungu, ndipo amati akudikira pa benchi kuti nthawi yake ifike. Mawu amenewo sindiwakonda. Mayi uja amandipatsa moni tikakumana pamsika, ine n'kuyankha mwaulemu, koma mpaka lero sindinamumvetse.

Katishu kaja sindinakataye m'chimbudzi. Kali m'kabotolo, m'dirowa ya m'chipinda cha mwanayo, chimene ndimasesa ngakhale simugona munthu. Zikhadabo ndinalanditsa zonse, palibe chinatsala kwa mzungu. Iye anatenga mwanayo.