Bambo Osoka Nsapato Amene Ankaima Pachitseko

Tawaika m'manda bambo osoka nsapato aja, koma ambiri a inu simunawapepese. Akakhala pa benchi m'tchalitchi munkasendera kutali mutakumbatira zikwama. Ndiye werengani, muwadziwe amene munkawathawawo.

Anabadwira m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ana asanu ndi awiri. Sukulu anailekera panjira, mowa anauyamba ndevu zisanamere. Tsiku lina ataledzera anakankha akazi awo pa masitepe, mayiwo n'kumenyetsa mutu, osadzukanso. Mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi anaona zonse. Tisabise, zinali choncho.

M'ndende anakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Kusoka nsapato anaphunzirira momwemo, ubatizonso analandirira momwemo, ndi madzi a m'beseni lochapira. Ankati, "Unyolo wanga unaduka ndili m'kati. Tsiku lotuluka lija ndinangosintha pogona."

Koma thupi limachedwa kumva. Akafika pachitseko chilichonse ankaima, kudikira woti awatsegulire. Amayi a mumpingo ankawakalipira, "Lowani achimwene, mukudikira msilikali?" Iwo n'kuseka, n'kulowa.

Atangotuluka anapita kwa mwana wawo uja ndi nsapato zimene anamusokera kundende. Anaziyeza ndi chikhatho, monga ankalikumbukirira phazi lake. Anakapeza mwanayo ali mayi wamkulu, khanda lili kumsana. Iye anayang'ana tinsapatoto, n'kutseka chitseko.

Ku mowa sanabwerere. Zaka khumi ndi zisanu anakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndi singano yaikulu, ulusi ndi guluu. Misa ya m'mawa sankajomba. Nsapato za ana amasiye ankasoka ulere. Loweruka ankatseka msanga n'kukaona akaidi amene abale awo anawataya.

Bambowo atagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa, amayi awiri a mumpingo anakapeza mwanayo kuhotela komwe amasita zovala.

"Iwe, bambo ako akutsirizika. Tiye, mphindi zisanu zokha."

Iye sanakweze n'komwe maso. "Amayi anga anapatsidwa mphindi zingati? Sindipita."

Pobwerera amayiwo anapangana zokanama kuti mwanayo ali m'njira. Atafika kuchipatala, bambowo anangowayang'ana kumaso.

"Wakana eti? Musachimwe chifukwa cha ine, azichemwali. Ndipo musakamunene. Ine Yesu ananditulutsa. Mwana uja ndinamutsekera ndine, ndipo akadali m'kati. Ine ndisiyeni, muzipempherera iyeyo."

Anamwalira Lachitatu m'mawa atalandira Ukalistia, mwakachetechete, manja awo olimba ndi guluu aja atagwira korona. Kumaliro mwanayo sanabwere, ndipo watumiza mawu akuti kumanda sadzapondako. Dzina lake talilemba pa mapemphero a Lachisanu lililonse. Amene akufuna kumunyoza asabwere. Amene akubwera asachedwe, timayamba faifi koloko.