Thanki yotsukidwa ndi sopo ku Lirangwe

Ndinanyamuka ku Chileka Lachisanu m'mawa ndisanavule n'komwe nsapato za kuntchito. Ndine mlonda pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo tsikulo linali langa lopuma, koma zogona ndinaziiwala. Thirakitala ya amalume anga, a Magombo, inali itaima kuseri kwa nyumba kuyambira nthawi yokolola, ndipo mwana wawo Yohane, msuweni wanga, anali atapangana kale ndi ogula zitsulo zakale kuti abwere Loweruka adzaiduledule. Amalume anapempha chinthu chimodzi chokha: ikalira tsikulo lisanafike, asaikhudze. Yohane anavomera akuseka, poti matenda ake ankawadziwa.

Matendawo anali thanki. Inadyeka dzimbiri mkati, moti ukathira dizilo woyera, kumunsi ankatuluka ngati tiyi wopanda mkaka. Fyuluta yatsopano inkatsekeka usanamalize ndime. Tinayesa kusefa dizilo ndi nsalu, tinayesa kuigwedeza titaponyamo manati kuti dzimbiri ligwe, mpaka inabooka pansi. Kenako ndinamva kuti ku Lirangwe kuli mayi wamasiye, aNabanda, amene amuna awo anasiya thirakitala yamtundu womwewo, injini inafa koma thanki anaisunga m'nyumba. Ndinawaimbira foni Lachinayi, iwo anati bwerani.

Pa siteji ndinathamangira minibasi yooneka yodzadza. Nditangokhala, anthu atatu anatsika mmodzimmodzi, kukhala kuti anali oitanira ongodzaza mipando. Munthu wokulira pa Chileka kupusitsidwa ndi zimenezi, manyazi ake! Dalaivala ankangoliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso. Ine mwendo unkangogwedezeka wokha.

"Akulu, mukugwedeza galimoto yonse," anatero mayi wina amene anali ndi beseni la mandasi pamiyendo. "Mukupita kuchipatala?"

"Kukatenga thanki ya thirakitala."

"Basi? Ndimayesa kuli wodwala."

Ndinafuna kuwauza kuti alipo, koma ndinangogula mandasi awiri kuti nkhani ithe.

Pa Kameza ndinatsika n'kukwera ina yolowera kumpoto. Kondakitala anati zikwi ziwiri mpaka pa Lunzu, ndipo sindinanenerere, zomwe si khalidwe langa. Pa Lunzu ndinalowa m'kashopu ka zitsulo za galimoto nditanyamula fyuluta yakale m'jumbo kuti andipezere yofanana nayo. Mwini shopu anaitembenuzatembenuza ngati mbatata yapamoto.

"Madala, thirakitala yake ikadali moyo imeneyi?"

"Madzulo ano tidziwa."

Anakwera pa kampando n'kutsitsa kabokosi kafumbi lokhalokha, kamodzi kokha kotsala. Mtima wanga unakhalako pansi, koma osati nthawi yaitali, chifukwa minibasi ya ku Lirangwe inaimanso pamsika kudikira matumba a anyezi amene mwini wake anali asanamalize kusoka.

Kupitirira Matindi dzuwa linayamba kuluma. Malambe anayamba kuoneka apa ndi apo, minda ili mbee, ena atakhala kale pa mizere ndi makasu kudikira mvula. Aliyense woima m'mbali mwa msewu dalaivala ankamuimira, ngakhale wongoyang'ana mbuzi zake. Tinafika pa Lirangwe dzuwa lili pamutu, malaya atamatirira kumsana. Wakabaza wanjinga yopalasa ankawadziwa aNabanda, ndipo ananditengera kanjira kamchenga komwe theka lake tinayenda wapansi, iye akukankha njinga, ine ndikumulipira.

ANabanda anandilandira ngati mkamwini. Mpando, madzi akumwa, moni wa aliyense wa ku Chileka mmodzimmodzi. Ine maso anali mwazumwazu kufunafuna thanki.

"Musade nkhawa, bambo, ndakukonzerani," anatero. "Inali yakuda, fungo la dizilo lokhalokha. Chinthu cha malemu sindikanachipereka kwa mlendo chili chotero. Dzulo lomwe ndinaikwecha ndi sopo, n'kuidzaza madzi a pamjigo kuti igone nawo fungo lichoke."

Ananditsogolera kuseri. Thanki inali pa thandala pakati pa mbale ndi mapoto, ikuwala, madzi ali tho mpaka kukamwa.

Ndinagwada n'kuviikamo chala. Dizilo wakale amene anamatirira mkatimo ndi amene anaiteteza ku dzimbiri zaka zonsezi, ndipo madzi ndiwo mdani wamkulu wa pampu ya dizilo. Ndikanakhala kwathu ndikanakalipa mpaka agalu kuthawa. Koma mayi anaima apo manja atagwirana kutsogolo, akudikira kuti ndiyamikire, ndipo zala zawo zinali zoyera ndi sopo wa dzulo.

"Mwagwira ntchito, mayi," ndinatero.

Ndinakhuthula madziwo n'kuunika mkati ndi tochi ya pafoni. Timadontho tofiira tinali titayamba kale m'makona, koma tapamwamba chabe, chitsulo chisanadyeke. Ndinatumanso wakabaza uja kukagula parafini pa Lirangwe, ine n'kuvundikira thanki pamwala padzuwa, chivindikiro ndi kampopi kapansi zili zotsegula. Chitsulo chonyowa sungachifulumizitse. Ndinkangozungulira mwalawo, kuigwira, kuipendeka, kumvetsera ngati muli kadontho kakuyenda.

"Khalani pansi mudye, siithawa," anatero aNabanda, atabweretsa mbatata yophika ndi thobwa.

Ndinadya choimirira mpaka anandiyang'ana, ndiye ndinakhala. Anandifotokozera kuti thirakitala ya amuna awo inatengedwa chidutswachidutswa: wina matayala, wina magiya, chotsala anadula ogula zitsulo iwo akuonerera pakhonde. Thanki yokha anaibisa kuchipinda. Atanena zimenezo mkwiyo wanga unasowa pogwira.

Parafini atafika ndinatsukuluza thankiyo kawiri, ndikugwedeza mpaka mikono kuwawa, n'kukhuthulira pansalu yoyera kuti ndione chotuluka. Ulendo woyamba madontho a madzi anali kuyandama pansalupo. Wachiwiri kunalibe. Tinagwirizana mtengo mosavuta, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu wamchenga, dzanja lawo lili pa thanki ngati akuperekeza mwana wopita kusukulu yogonera komweko.

Pa Lirangwe kondakitala woyamba anakana ndisanayankhule. Wachiwiri anati apolisi pa msewu savomera zonyamulira mafuta m'galimoto ya anthu.

"Mulibe kanthu, amwene. Nunkhizani."

Anaika mphuno kunja kwa thanki n'kundiyang'ana modabwa. "Ase! Ikununkhira sopo. Mumasambiramo?"

Anandilipiritsa mipando iwiri, ndipo ndinakhala nayo pamiyendo mpaka pa Kameza, mawondo atachita dzanzi, agogo ena akuigogoda ndi chala kufunsa ngati ndi ng'oma ya kutchalitchi. Pa Kameza sindinadikirenso minibasi. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, thanki ili pakati pa ine ndi woyendetsa, ndikumuuza kuti athamange kwinaku ndikupemphera kuti asandimvere.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amalume maso anafooka, sathanso kugwira sipanala, choncho anakokera mpando pafupi n'kumandiuza chochita. Ndinamanga thanki, ndinatsuka kabotolo kagalasi kamene kamakola madzi ndi zinyalala pansi pake, ndinaika fyuluta yatsopano. Dizilo tinathira pang'onopang'ono kudzera pansalu yopinda kawiri. Kenako ndinamasula kanati ka pamwamba pa fyuluta n'kumapopa ndi dzanja kuti mpweya utuluke m'mapayipi, thovu likutuluka, likutulukabe, mpaka anabwera dizilo yekhayekha. Yohane anatipeza tikumanga batire yobwereka, nayima poteropo tayi yake ili m'thumba.

"Asuweni, mwavutikiranji? Anthu aja akubwera ndi lole mawa."

Ndinamangitsa waya womaliza wa batire. Ndinakwera n'kupotoza kiyi. Inakhosomola n'kuzima. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inagwira, utsi wakuda uli tolotolo, nkhuku zili balala. Ndinaisiya ikulira, maso anga ali pa kabotolo kagalasi kaja. Dizilo anali woyera.

Ndinatsika ndikuseka ngati wamisala, ndikumuloza Yohane chala. Amalume anadzuka, anayenda mofufuza mpaka anaika dzanja pa boneti, nakhala choncho akumvetsera. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Yohane, auze anthu ako asabwere. Ukafunefune mlimi woti aigule. Ine sindingaiyendetsenso, iwe suifuna, msuweni wakoyu ali ndi ntchito yake. Koma ichoke pano ikuyenda yokha, osati pa lole ili zidutswa."

Zinandiwawa, sindinama. Tsiku lonse ndinathamanga ndikuganiza kuti ndikubweretsa chinthu choti thirakitala ikhalebe pakhomo pathu, osadziwa kuti ndikuikonzera ulendo. Amalume anapempha kuti tiwakweze pampando, ndipo ine ndi Yohane tinawanyamula, wina uku wina uku. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osaiyendetsa, injini ikungolira pansi pawo, ndipo palibe mwa ife amene anawauza kuti dizilo akutha.