Madala Opempha Benchi

Madala atayi yofiira saphonya msonkhano wa bajeti kukhonsolo ya mzinda. Amakhala kutsogolo, ndodo ili pamiyendo, n'kumang'ung'udza kuti, "Mimba n'zambiri, mphika ndi umodzi."

Chaka chino makhansala atakangana mpaka thukuta, ena akufuna phula, ena denga la msika, madalawo anaimika dzanja n'kupempha benchi pamalo okwerera basi.

"Benchi, bambo? Mavuto onsewa?" anadabwa wapampando.

"Ndikufunsira mayi ena pamenepo," anayankha osaphethira, "koma tonse mawondo anatha. Nkhani imangothera panjira."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo benchilo linalowa m'bajeti. Madala akukhala pansi monyadira, kumbuyo kunamveka mawu a mayi aja:

"Likhale lamthunzi, apampando. Ine sindiyankha msanga!"