Azakhali Anabwera Okha Kuchokera ku Omani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, pamene azakhali anga a Mariamu anatulukira kwathu ku Kawale ndi sutikesi imodzi. Anali mlongo wawo wa bambo. Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndi Mwarabu wina wamalonda amene ankawaposa ndi zaka makumi atatu, ndipo iye anawatengera kwawo ku Omani. Tsopano anabwera ali wamasiye. Zovala zawo zinkanunkhira lubani, ndipo tiyi wawo ankathiramo zokometsera zimene fungo lake linkafika mpaka kwa aneba. Ine ndinkawasirira kwabasi.

Miyezi yomweyo mnzawo wa bambo, wogulitsa nsalu mu Old Town, anayamba kubwera kwathu pafupipafupi. Anali ndi imvi m'ndevu, mkazi wake atamwalira. Mayi ndiwo anandinong'oneza kuti munthuyo ankafuna ine. Bambo sankaona cholakwika. Ankati fizi ya ku sekondale inali yokayikitsa, komanso azakhali anakwatiwa ndi wamkulu ndipo sanagonepo ndi njala. Ineyo mtima unali pawiri: mantha analipo, koma ndinkalotanso mabangili onga a azakhali.

Loweruka lina azakhali anandiuza kuti ndiwaperekeze kukaimba foni ku Omani pa kanyumba koimbirapo mafoni ka mayi wina pafupi ndi msika. Kunja kunali fumbi ndi phokoso la makondakitala a minibasi. Foni itayankhidwa ndinawamva akutchula dzina lawo kawiri, koma wa mbali inayo sanawazindikire mpaka ananena kuti “Umu Salimu”. Kenaka nkhope yawo inawala. Analankhula Chiarabu mofulumira, akuseka, misozi ikutsikira pa mpango. Pobwerera anandifotokozera kuti mawu aja amatanthauza make Salimu, ndipo Salimuyo anali mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anali ndi mwana.

Anandiuza kuti mwamuna wawo anali munthu wabwino, sanawakwezerepo mawu, koma ankamuopa ngati bambo wowabereka moti sanamutsutsepo pa chilichonse. Zaka zomaliza anangokhala omudwazika. Atamwalira, ana ake aakulu, ena oposa azakhaliwo msinkhu, ananena mwaulemu kuti Salimu ndi wa banja la bambo ake ndipo adzakulira komweko. Akazi a pabanjapo analira nawo, anawapatsa mphatso, koma panalibe amene akanasintha zimenezo.

Madzulo ake, bambo ali pakhonde atachoka ku mzikiti, azakhali anakhala pamkeka n'kundiuza kuti ndisachoke.

“Achimwene, ndamva mukunditchula ngati chitsanzo,” anatero motsitsa mawu. “Njala sindinagone nayo, n'zoona. Koma ndinalowa m'nyumba ija ndisanadziwe chimene ndimakonda, ndipo ndatulukamo ndisakuchidziwabe. Mwanayu msiyeni ayambe wakula.”

Bambo anafunsa za fizi. Azakhali anavula mabangili awiri agolide n'kuwaika pamkeka. Bambo anayang'ana mabangiliwo osawakhudza, kenaka anandituma madzi akumwa. Mnzawo uja anabweranso kamodzi, analankhulana panja, ndipo sanapondenso pakhomo pathu.

Ndinapita ku sekondale, ndipo lero ndine mphunzitsi. Azakhali anatsegula kashopu kosoka ku Biwi, kumene aliyense ankawatchula kuti a Mariamu. Salimu anadzabwera kudzawaona ali mnyamata wa ndevu zake, wosadziwa liwu limodzi la Chichewa, ndipo anakhala nafe mwezi wathunthu.

Kwa zaka zambiri ndinkadabwa chifukwa chimene azakhali sananyozepo mwamuna wawo kapena anthu a dziko lija. Pano ndikumvetsa. Munthu angathe kukusunga bwino, kukuveka ndi kukulemekeza, koma ngati anakutenga usanakhwime, pali zaka zina zimene ngakhale iye mwini, ndi ubwino wake wonse, sangakubwezere.