Crimilda Anasiya Komputadori Patebulo

Crimilda anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ndipo anafika kwawo ku Mualadzi ali kumsana kwa mayi ake, a Vaileti. Sukulu anailimbikira mpaka anapeza ntchito mumzinda wa Tete, kubungwe lina lothandiza alimi a chimanga. Ankaimbira alimi foni kuwafunsa za mbewu ndi mvula, n'kulemba zonse mukomputadori.

Chaka cha korona, a Teodoro, omwe anali shefi wawo, ndiye kuti bwana wa bungwelo, anauza aliyense kuti azikagwirira ntchito kwawo. Crimilda anapita akunyinyirika. Pamudzi anthu ankanong'onezana kuti wachotsedwa ntchito. Foni inkagwira pachulu pokha, kuseri kwa tchalitchi, ndipo ankakhala pamenepo dzuwa likuswa mtengo, mbuzi zikumununkhiza.

Koma mtima wake unatembenuka pang'onopang'ono. Alimi amene kale ankamuyankha mwachidule pafoni anayamba kumutengera kumunda, kukamuonetsa mbozi m'chimanga. A Vaileti atafa ziwalo mbali imodzi, iye ankawasambitsa m'mawa, kuwamwetsa phala, kenako n'kuyamba ntchito. Zaka zitatu zathunthu, sanachedwetsepo chilichonse chimene anatumidwa.

Tsiku lina a Teodoro anaitanitsa onse ku Tete.

"Masewera atha," iwo anatero. "Akunyumba mumangogona. Kuyambira Lolemba, aliyense pampando wake muno."

Crimilda anaimirira.

"Shefi, wagona ndani? Mbozi zitabuka chaka chatha, anayamba kukudziwitsani ndani? Mukufuna ndizipsa ndi kutentha kwa Tete, n'kumaimbira foni a Solomoni, amene munda wawo wagundana ndi wa mayi anga?"

"Lamulo ndi lamulo, mayi. Ndizikuonani ndi maso anga."

"Ndiye kuti mukufuna nkhope yanga, osati ntchito yanga!"

Mnzake Arminda, amene poyamba ankalumbira kuti ntchito ya pakhomo ndi ya alesi, naye anadzuka. "Nanenso ndinkaganiza ngati inu, shefi. Ndasintha. Ana anga tsopano akundidziwa."

A Teodoro anangopukusa mutu n'kutseka msonkhano. Arminda anakhala pansi, poti analibe kolowera. Crimilda anaika komputadori ya bungwelo patebulo, natuluka kukakwera shapa, minibasi yopita ku Cassacatiza, njira ya kwawo.

Lero amalembera gulu la alimi a paparishi, atakhala pakhonde, mayi ake ali pamphasa pambali pake. Patapita miyezi iwiri chichokereni, Arminda anamuimbira foni: a shefi amutuma kufunsa ngati mvula yagwa ku Mualadzi, chifukwa alimi sakuyankha bwino anthu osawadziwa. Crimilda anakukuta mano, koma anafotokoza zonse, mudzi ndi mudzi, poopa kuti mbewu ya bungwelo ingachedwe kufika kwa anthu osalakwa.

Mkwiyo wokha sunathe. Akamva dzina la a Teodoro, amatsonya mpaka nkhuku kubalalika.