Milomo ya Mayi Honorine

Zaka makumi awiri ndi zitatu Mayi Honorine Pichard anazithera m'kabokosi ka pansi pa nsanja ya zisudzo ku Paris, mutu wokha uli pamtunda, kunong'oneza mawu kwa osewera akaiwala. Amene ankawagwiritsa ntchito kwambiri anali Fulbert Lemoal, mwamuna wa ndevu zopesa bwino koma mutu ngati sefa.

Chaka chachitatu cha nkhondo, nyumba ya zisudzoyo inatsekedwa posowa malasha, koma sewero lawo lachikondi linatengedwa kuti likhale filimu. Fulbert anakanitsitsa kupita kojambulira popanda mayiwo.

Tsiku loyamba anagwada pamaso pa mtsikana wa m'seweromo, kukamwa yasa, mawu osatuluka. Mayi Honorine, mwa chizolowezi, ananong'oneza ali kuseri kwa mpando: "Mtima wanga ndi wako."

"Imani!" anakuwa wojambula mawu. "Gogo akufunsira mtsikanayu ndani?"

Onse anafa nako kuseka, kupatula Bambo Gachet, mkulu wa filimuyo.

"Mayi, kuno si ku zisudzo. Kachitsulo kali pamwambapo kamamva ngakhale nsabwe ikatsokomola, ndipo filimu yojambulira ikusowa. Ndikangokumvaninso, khomo ndi ilo."

Kunja kwa khomolo kunalibe ntchito ina, koma mizere yodikira buledi basi. Mayi Honorine anamukokera Fulbert pambali.

"Tamvera, chimutu iwe. Uziyang'ana milomo yanga."

"Mayi, zaka zonsezi milomo yanuyo sindinaiyang'anepo."

"Ineyo yako ndinatopa nayo. Tiye."

Mayiwo anabwereka zopaka milomo zofiira, nadzipaka mpaka kupitirira malire, n'kukwera pa bokosi kumbuyo kwa mtsikanayo, pomwe kamera sinkafika. Mawu aliwonse ankawaumba ndi milomo, mpweya osatuluka. Fulbert anawayang'anitsitsa mopempha, maso ali tong'o, thukuta kamukamu ngakhale m'chipindamo munkazizira koopsa.

"Maso amenewo!" anafuula Bambo Gachet atamaliza. "Unawabisa kuti, mbuzi iwe? Chikondi ndi chimenecho!"

Fulbert anangoweramitsa mutu. Mayiwo anatsika pa bokosi n'kupukuta kukamwa.

Bambo Gachet anawasunga mayiwo pa ntchito mpaka filimu inatha, n'kuwaitananso pa ina. Yoyambayo itatuluka, akazi a mu Paris, omwe ankaonera atavala majasi chifukwa cha chisanu, anayamba kumulembera Fulbert makalata achikondi. Iye ankabwera nawo kwa Mayi Honorine m'thumba logulira ndiwo.

"Ndi anu awa, mayi."

Okoma mayiwo ankawayankha m'dzina la Fulbert. Otsalawo ankakolezera moto.